Ngalawa za M'komboni ndi Mapepala Ake

Munthu amene sanakhalepo ku Kanyama m'mwezi wa Febuluwale, pamene mvula yagwa masiku atatu osakata, ndipo nthaka ya miyala ya njereza imene mzinda wa Lusaka unamangidwapo yakana kumwanso madzi, angaseke nditamuuza kuti mzinda wathu uno, umene ulibe nyanja kapena mtsinje waukulu, uli nazo ngalawa zake. Koma ife amene tinaonapo minibasi ikulowa m'thamanda mpaka madzi kufika pachitseko, dalaivala ataweramira chiwongolero ngati wopalasa wa pa Zambezi, kondakitala atapinda buluku mpaka m'maondo, amayi atakweza mapazi pamodzi ndi madengu awo, tidziwa kuti ngalawa ya m'komboni ndiyo minibasi, ndi kuti miyoyo yathu timaipereka m'manja mwake m'mawa ndi madzulo. Pa galasi lakutsogolo la ngalawa imeneyi pamamatidwa timapepala tingapo, timene okwera ambiri satiyang'ana n'komwe. Ndipo nkhani yanga lero ndi ya timapepala timeneti, makamaka ya tsiku limene linalembedwapo.

Ndayamba ndi ngalawa mwadala, pakuti ku England kuli anthu amene nyumba yawo ndi ngalawa yeniyeni, ndipo mwambo wawo ungatitsine khutu. Dziko limenelo linakumba ngalande zazitali m'zaka za m'ma 1700, sitima ya pamtunda isanabadwe, kuti katundu wolemera aziyenda pamadzi. Ngalande ya Bridgewater, imene inatsegulidwa mu 1761 kuti izitengera malasha ku Manchester, ndiyo imatchulidwa kawirikawiri monga chisamba cha zonsezo. Lero malasha analeka kuyendamo, koma m'ngalandemo mudakali ngalawa zazitali zopapatiza, za mamita awiri okha m'lifupi, ndipo ena amagonamo, kuphikamo ndi kulereramo ana, ngakhale m'kati mwenimweni mwa London. Kuyambira mu 2012 bungwe la Canal & River Trust ndilo likusunga ngalande ndi mitsinje ya mamailosi 2,000 ku England ndi Wales, ndipo mwini ngalawa, asanapatsidwe chiphaso chatsopano, ayenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndiponso kalata ya woyesa ngalawa yotsimikiza kuti gasi, mafuta ndi magetsi ake sizidzabutsa moto; kalata imeneyi imatha pakapita zaka zinayi. Iye amene alekerera chiphaso chake kutha, nanyalanyaza makalata omukumbutsa, lamulo lilola kuti ngalawa yake ichotsedwe pamadzi, ndipo ngati inali nyumba yake, tsiku lomwelo asowa pogona. Ndalama za ziphasozo zimathandiza kukonza zipata za madzi ndi kuvuula matope, kotero kuti wozemba amayandama pa madzi amene anzake alipirira.

Zathu kuno sizisiyana kwenikweni ndi zimenezo. Lamulo la za pamsewu la mu 2002 ndilo linakhazikitsa bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene m'masiteshoni amangoti Ratsa, ndipo minibasi iliyonse yonyamuka ku Kulima Tower, ku City Market, ku Lumumba kapena ku Millennium iyenera kukhala ndi msonkho wa pamsewu, fitinesi yoonetsa kuti galimoto inayesedwa nipezeka yolimba, inshuwalansi, ndi chilolezo chonyamulira anthu; dalaivala nayenso ayenera kukhala ndi laisensi ya PSV, yoyendetsera galimoto zonyamula anthu, imene ili ndi nyengo yakeyake. Mapepala amenewa ndi olukana ngati mphasa, mwakuti ukasolola bango limodzi enawo amamasuka: wopanda inshuwalansi salandira msonkho wa pamsewu, ndipo wopanda msonkho alibe mbali pamsewu wa boma. Chachikulu koposa n'chakuti pepala lililonse lili ndi tsiku lake lothera, lolembedwa ndi manambala ooneka bwino. Matenda amalowa m'nyumba osaodira, maliro sapangana ndi munthu, tayala limaphulika pamene lafunira; koma tsiku lotha chiphaso limakhala pamaso pa dalaivala kuyambira tambala woyamba kufikira usiku, ndipo palibe anganene kuti linamudzidzimutsa.

Tsiku lina m'mamawa, nyengo ya dzinja, ndinakwera basi ku George kupita m'tauni. Tinalimo odzaza monga mwa masiku onse: amayi awiri opita ku msika wa Soweto kukaoda ndiwo zamasamba, mtsikana wa yunifolomu ya sukulu atakumbatira mabuku, ndi nkhalamba ina ya jekete lakuda, imene inagwirizira kakhadi ka kuchipatala m'dzanja ngati kuti kangauluke. Tili pa msewu wa Commonwealth m'Matero, basi ina yochokera kutsogolo inathwanimitsa nyali, kondakitala wake natulutsa mkono pazenera. Ndipo dalaivala wathu, wosanena kanthu kwa munthu, anapotoza chiwongolero nalowa m'kanjira ka pakati pa nyumba. Tinadutsa m'makomo mwa anthu, tinabalalitsa nkhuku ndi ana, tinakhudza mpanda wa wina, ndipo pamapeto pake matayala akumbuyo anatitimira m'matope pafupi ndi mulu wa zinyalala. Pamenepo kondakitala anatsegula chitseko nati, "Selukani, basi siifika mu tauni, mapepala yanasila." Nkhalamba ija inamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo inafunsa mofatsa, "Mwana wanga, kodi mapepalawo atha m'mawa uno?" Mnyamatayo anaweramitsa mutu nayankha, "Batate, funsani ba bosi. Ise tisebenza chabe."

Funso la nkhalamba ija landikhala mumtima kufikira lero, pakuti linalasa pamene pali chilonda. Mapepalawo sanathe m'mawa umenewo. Anatha sabata zapitazo, mwinanso miyezi, ndipo tsiku lililonse la sabata zimenezo panali munthu wina, wogona m'nyumba yake ku Chilenje kapena ku Chelstone, amene analandira ndalama ya tsikulo madzulo, naiwerenga, naipinda, nanena mumtima mwake kuti za mapepala tidzaona mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu, anatero makolo. Koma pa nkhani iyi wozengereza ndi wina, wokwawa ndi winanso. Anakwawa m'matope tsiku lija ndi mtsikana amene anapeza chipata cha sukulu chatsekedwa, amayi amene anafika ku Soweto anzawo atasankha kale ndiwo zabwino, ndi nkhalamba imene sindidziwa ngati dokotala anailandirabe.

Koma mlandu sagamula atamva mbali imodzi, ndipo mwini basi ali nawo mawu ake, amene tiyenera kuwamva mwaulemu. Akuluakulu akumbukira masiku a United Bus Company of Zambia (UBZ), pamene kunyamula anthu inali ntchito ya kampani ya boma, yokhala ndi makalaliki osunga mabuku ndi amakanika ake. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 linatsegula malonda, UBZ inatsekedwa mu 1995, ndipo goli limene kampani yaikulu inalitula linagwera pa makosi a anthu wamba: mphunzitsi wopuma ntchito amene anagula Hiace yakale ndi penshoni yake, mayi wamasiye amene basi ndiyo chuma chokha chimene mwamuna anamusiyira, anyamata apachibale amene anasonkherana. Anthu otere alibe kalaliki, ndipo buku lawo ndi thumba la malaya. Dalaivala akabweretsa kashing'i madzulo, ndalamayo imapeza pakhomo pali kale oidikira: mafuta akwera, giyabokosi ikulira, mwana wabwezedwa ku koleji, kumudzi ku Katete kwachitika maliro. Ndipo kwa zaka zambiri msonkho wa anthu ochuluka unkathera pamodzi pa 31 Disembala, nthawi imene Khirisimasi yapsereza matumba ndipo sukulu zili pafupi kutsegulidwa, kotero kuti mizere ya mu Januwale inali yotalika ngati ya chimanga m'chaka cha njala. Zonsezi n'zoona, ndipo iye wozikana sanakhalepo m'komboni.

Palinso chifukwa china chakuya, chimene sitichitchula kawirikawiri. Mtundu wathu unayamba kudziwa pepala la boma monga chingwe cha m'khosi. Likulu litasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, mzindawu unamangidwira azungu, ndipo munthu wakuda ankaloledwamo monga wantchito, atanyamula chitupa chonena dzina lake, mfumu yake, msonkho wake ndi bwana wake. Wopezeka wopanda chitupa ankagwidwa ngati mbala. Amene analibe nyumba za olemba ntchito ankachita lendi malo pa mafamu a azungu m'mphepete mwa tauni, ndipo n'chifukwa chake makomboni ena mpaka lero amatchedwa ndi maina a eni malo akalewo, monga George, John Howard ndi John Laing. M'chaka cha 1961, pa nthawi ya zionetsero zofuna ufulu zotchedwa Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa poyera, ndipo anachita bwino, pakuti pepala limenelo linali loteteza wolamulira kwa wolamulidwa. Koma ife adzukulu awo tatengera mkwiyo wawo osatengera nzeru zawo, ndipo tayamba kuona pepala lililonse la boma monga mdani woyenera kumuzemba. Fitinesi imateteza mwana wa m'komboni ku mabuleki ovunda, ndipo inshuwalansi imateteza mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa Los Angeles. Wozemba mapepala amenewa akuyesa kuti wapusitsa boma, pamene wapusitsa mnansi wake.

Tsono tiyeni tiwerengetse monga amalonda, pakuti mwini basi amamva bwino chinenero cha ndalama. Iye amene sanalipire pa tsiku lake amaganiza kuti ndalamayo waisunga, koma ine ndinena kuti wangoisinthira khomo lotulukira. Basi yopanda mapepala siyenda njira yowongoka. Imazungulira m'tinjira ta maenje timene timatha masipuling'i ndi kumwa mafuta, imabisala nthawi ya m'mawa pamene okwera ali ambiri, ndipo anzake akamapanga maulendo asanu iyo imapanga atatu. Ikakumana ndi rodibuloko pamene palibe pothawira, pamabadwa chizolowezi chija chonyansa chimene dzina lake tonse tilidziwa, nichekeleko: kandalama kopindidwa m'chikhatho, lero pano, mawa apo, kopanda lisiti ndi kopanda mapeto, kamene pakutha kwa miyezi itatu kangapose msonkho umene munthu anauthawa. Ndipo wopereka chiphuphu sagula mtendere, amangobwereka tsiku limodzi, pakuti dzanja limene lalandira lero lidzatambasukanso mawa. Tsiku limene apeza wantchito wa boma wokana chiphuphu, ndipo otere alipo ndithu, basi imakokedwa kukatsekeredwa, chindapusa chimalembedwa, ndipo mwini wake amathamangira kwa wa kaloba, amene chiwongoladzanja chake chimakula msanga kuposa dzungu la pachulu. Mlandu suola, msonkho uja udakalipobe, ukumudikira pamwamba pa zonsezo.

Izi ndi za ndalama, ndipo ndalama zimabwezeka. Koma pali tsiku lina limene palibe mwini basi afuna kuliganizira. Ngati basi yagunda mwana pa msewu wa Alick Nkhata, pamene ana a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere amawoloka popita ku sukulu, ndipo papezeka kuti inshuwalansi inatha dzulo, kampani ya inshuwalansi ilibe mangawa pa ngozi imeneyo, ngakhale mwini basiyo anailipira mokhulupirika zaka khumi zapitazo. Pangano lotha ndi lotha, ndipo tsiku limodzi lilingana ndi chaka. Pamenepo banja la wovulalayo liyang'ana kwa munthu amene chuma chake chonse ndi basi yophwanyikayo, ndipo mabanja awiri agwera m'dzenje limodzi, lina ndi maliro, lina ndi ngongole. Za fitinesi nazonso ndi chimodzimodzi: woyesa magalimoto ku Mimosa kapena ku Silverest akayang'ana matayala, mabuleki, nyali ndi chiwongolero, akuchita ntchito imene wokwera sangathe kuichita yekha, pakuti ndani wa ife anagwadapo pansi pa basi asanakwere? Timakwera mwa chikhulupiriro, ndipo kapepala ka pagalasi ndiko mboni yokhayo imene tili nayo.

Chifukwa chake ndinena mosapsatira kuti udindo woyamba uli pa mwini basi, ndipo sichilungamo kuukankhira kwa dalaivala. Bwana amene amafuna kashing'i yathunthu madzulo aliwonse, koma natumiza mnyamata pamsewu ndi mapepala otha, afanana ndi Farao amene analamula njerwa zonse atamana anthu udzu. Iye amagona tulo, pamene mnyamatayo ndiye amathamangitsidwa, kutukwanidwa ndi okwera, ndi kugona m'chitokosi. Komabe nanunso madalaivala, abale anga, musadziyese oyera: laisensi ya PSV ndi yanu, dzina lolembedwapo ndi lanu, ndipo ndiyo khasu limene mumalimira, ndipo mlimi wanzeru sadikira mvula kuti asule khasu.

Nanga njira yake ndi yotani kwa munthu wosauka? Nzeru yake tili nayo kale m'komboni, ndipo amayi a pamsika ndiwo aphunzitsi ake. Mayi wogulitsa makala ku Chawama, amene sanaonepo m'kati mwa banki, amaponya kandalama m'chilimba tsiku ndi tsiku, ndipo ikafika nthawi yake amagula malata. Msonkho wa pamsewu ungalipidwe wa miyezi itatu, ndipo miyezi itatu ndi masiku 90. Mwini basi atatenga mtengo wa mapepala ake onse, naugawa pa masiku amenewo, napatula gawolo madzulo aliwonse asanagule ngakhale mchere, adzapeza kuti phiri limene linkamuopsa ndi mulu wa timiyala tonyamulika. Yosefe ku Igupto sanadikire njala kuti amange nkhokwe. Anapatula limodzi la magawo asanu m'zaka za zokolola. Eni mabasi a njira imodzi angathenso kuchita chilimba cha mapepala okhaokha, mlembi wawo nasunga buku la masiku othera, kuti azikumbutsana mwezi wathunthu tsikulo lisanafike. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo mwezi umenewo ndi wofunika, pakuti galimoto ingathe kulephera poyesedwa, ndipo munthu afunika masiku okonzera chimene chapezeka, n'kubwereranso chiphaso chakale chidakali ndi moyo. Masiku ano msonkho ungalipidwe pa intaneti ndi pa foni, munthu ali khale pakhonde pake. Anamwali asanu opusa aja a m'fanizo la m'Baibulo sanatsekeredwe kunja chifukwa chosowa ndalama ya mafuta, pakuti anapita kukagula ndithu. Anatsekeredwa chifukwa anapita kukagula pakati pa usiku.

Ndisanatsirize, nditembenukire kwa inu amene mulibe basi, pakuti mungayese kuti nkhaniyi yakupitani pambali. Lamulo la nyumba la mu 1974 ndilo linayamba kuvomereza makomboni amene kale ankaonedwa monga osaloledwa, ndipo m'zaka zotsatira George ndi Chawama anakonzedwa ndi ngongole ya World Bank, nalandira misewu ndi mipope. Okhala m'malo otere ankapatsidwa ndi khonsolo chiphaso chokhalira pamalo, cha zaka 30. Zaka 30 zimaoneka ngati muyaya pa tsiku lolandira, koma chiphaso cholembedwa mu 1980 chinatha mu 2010, ndipo ndikhulupirira kuti m'masutikesi ambiri, pansi pa zitenje za agogo, muli mapepala amene anafa kalekale eni ake osadziwa. Zimadzaululika pa tsiku loipa, mwini nyumba atamwalira, ana akukangana, wogula ataima pakhomo. Tsegulani sutikesiyo agogo adakali moyo, muwerenge tsikulo, ndipo ngati lapita, pitani ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre mukafunse. Safunsa anadya phula.

Kwa akuluakulu a boma ndili ndi mawu ochepa, ndipo ndiwanena mogwada monga ayenera mwana polankhula pabwalo. Mfumu yofuna kuti anthu azibwera kumsonkhano imalambula njira yopita kubwalo. Munthu amene wataya tsiku lathunthu pamzere, n'kuuzidwa madzulo kuti makina sakugwira, waluza kashing'i ya tsikulo, ndipo ulendo wina adzasankha kanjira ka m'matope. Chulukitsani malo oyesera magalimoto kufupi ndi kumene mabasi amagona, tumizani uthenga wa pafoni wokumbutsa tsiku lisanafike, monga achitira makampani a mafoni pofuna zawo, ndipo langani wolandira chiphuphu molingana ndi wopereka. Koposa zonse, ndalama ya msonkho ioneke pamsewu. Pakuti mwini basi amene walipira, napeza dzenje lomwe lija la chaka chatha likumudikira pa msewu wa ku Kanyama, mtima wake umafooka, ndipo mlaliki wa ziphaso ngati ine amasowa pogwira. Amene akumbukira chigumula cha ku Kanyama cha mu 1978 adziwa kuti ngalande imalambulidwa mu Okutobala, dzuwa lili phwee. Boma lofuna kuti anthu asunge masiku awo liyambe ndi kusunga ake.

Ndipo inu okwera anzanga, amayi ndi abambo a ku Matero, ku Mtendere ndi ku George, maso muli nawo ndipo manambala mumawadziwa. Mawa m'mawa, musanaponde pachitseko, yang'anani pagalasi lakutsogolo. Mukapeza kuti tsiku linapita, funsani mwaulemu monga inafunsira nkhalamba ija, ndipo ngati mungathe, dikirani basi yotsatira. Inu eni mabasi, usiku uno galimoto ikabwera, tengani tochi muwerenge timapepala tonse, mulembe masiku ake pa kalendala ya m'chipinda chanu, ndipo pa ndalama ya lero lomwe mupatulepo gawo loyamba. Wakutsina khutu ndi mnansi.